Katemera wa hepatitis B akakana kugwira

Lolemba kulabu kunachokera zotsatira za anzathu anayi a m'mawodi omwe anti-HBs yawo (chitetezo cha m'magazi cholimbana ndi kachilombo ka hepatitis B, koyambitsa matenda a chiwindi) sinafike 10 mIU/mL, malire amene timati munthu watetezeka. Onse anabadwa chisanafike chaka cha 2002, pamene katemera wa ana wa pentavalent, woteteza ku matenda asanu kuphatikizapo hepatitis B, anayamba kuno ku Malawi, ndiye anabayitsa atakula kale. Mwa akulu athanzi, 5 mpaka 10 pa 100 alionse sapanga chitetezo ngakhale atamaliza majakisoni onse atatu. Komabe musanamulembe munthu kuti katemera anamukana, tsegulani kaye buku lake.

Mabukuwo anatidyera Lachiwiri lonse. Mmodzi analandira majakisoni awiri okha, wa pamwezi wachisanu ndi chimodzi sanabwerere. Wina anamaliza bwinobwino zaka khumi zapitazo, magazi nkuyezetsa pano. Anti-HBs imatsika ndi zaka ngakhale thupi likukakumbukirabe kachilomboko. Nthawi yoyezera ndi mwezi umodzi kapena iwiri chibayireni jakisoni womaliza. Ameneyu tinamubaya kamodzi, tidzamuyeza pakatha mwezi. Wachitatu, mayi wathupi ndithu, anati onse atatu anamubaya pathako. Pamenepo mankhwala amangothera m'mafuta osafika mumnofu. Katemerayu ndi wa paphewa, ndipo kwa munthu wonenepa singano ya 25 mm imaperewera, pamafunika ya 38 mm.

Wachinayi buku lake linalibe chilema. Lachitatu HBsAg yake (chizindikiro cha kachilombo ka hepatitis B m'magazi) inatuluka kuti kachilombo ali nako kale, mwina kuyambira ali mwana. Nchifukwa chake tisanabwereze katemera timayeza HBsAg ndi anti-HBc (yosonyeza ngati kachilomboka kanalowapo m'thupi): woteroyo mungamubaye kakhumi, anti-HBs siikwera. Tinamutumiza kwa dokotala kukayeza chiwindi, ndipo akunyumba kwake nawonso ayezedwa.

Lachinayi linali la firiji. Anthu amadandaula za kutentha magetsi akazima, koma katemera uyu mdani wake wamkulu nkuzizira. Amafuna madigiri 2 mpaka 8. Akaundana kamodzi kokha, aluminiyamu wa m'katemerayu amene amadzutsa chitetezo amapanga timibulu, mphamvu nkutheratu, pamene botolo likuonekabe labwinobwino. Mabotolo ena tinawapeza atatsamira khoma lakumbuyo. Poyesa, mumatenga botolo limodzi la gulu lomwelo, kuliundanitsa dala, kulisungunula, kenako kuligwedeza limodzi ndi lokayikitsalo kwa masekondi 10 kapena 15, nkuwaimika pagome moyandikana. Lokayikitsa likadikha msanga ngati loundanitsalo, onse a pamenepo ngotaya. Ayezi wa m'kabokosi konyamulira nayenso muzimusiya kaye panja mpaka mutamva madzi akukhuchumuka mkati mukagwedeza.

Okaniratu enieni ambiri timawapeza Lachisanu ku kiliniki ya ma ARV. Zaka zopitirira 40, fodya, shuga, matenda a impso ndi CD4 yotsika, zonsezi zimafooketsa kuyankha kwa thupi. Njira yoyamba nkubwereza majakisoni atatu aja: lero, pakatha mwezi, ndi pamwezi wachisanu ndi chimodzi. Kwa odwala impso a pamakina osefa magazi ndi ambiri a HIV, mlingo umawirikizidwa: katemera wa Engerix-B ma mcg 40 m'malo mwa 20, kanayi, pa miyezi 0, 1, 2 ndi 6. Katemerayu amagwira bwino pamene kachilombo ka HIV kagonja m'magazi, choncho amene amadumphitsa mankhwala timayamba takambirana za mapiritsiwo.

Kuli katemera wina, Heplisav-B, wovomerezedwa ku America mu 2017, yemwe m'malo mwa aluminiyamu ali ndi chodzutsa chitetezo china chotchedwa CpG 1018. Kafukufuku wa BEe-HIVe, wa anthu a HIV omwe katemera wakale anawakana, anapeza mu 2024 kuti majakisoni awiri anateteza 93 pa 100, atatu 99, pamene wakale uja anateteza 81. M'firiji mwathu sanalowemo.

Amene walandira majakisoni asanu ndi limodzi koma osafikabe 10, timalemba ndi cholembera chofiira pachikuto cha buku lake. Akadzabayidwa ndi singano ya wodwala amene ali ndi HBsAg, asadikire kuche: afunika HBIG (jakisoni wa chitetezo chopangidwa kale cholimbana ndi hepatitis B), 0.06 ml pa kilogalamu iliyonse, makamaka pasanathe maola 24, ndi ina pakatha mwezi.