Kuchoka pa waya wa kopa kupita pa fibre ku Britain: zokonzeratu injiniya asanafike

Ambiri kuno ku Britain amati ali kale pa intaneti ya fibre (ulusi wagalasi wonyamula intaneti ngati kuwala), chonsecho fibre yawoyo imathera pa bokosi lobiriwira la m'mbali mwa msewu. Kuchokera pamenepo kulowa m'nyumba ndi waya wa kopa, ndipo wayayo akatalika kapena akalowa chinyezi, liwiro limatsika. Njira imeneyi, ya FTTC, imalekezera pa 80 Mbps (muyeso wa liwiro la intaneti) potsitsa ndi 20 Mbps potumiza. Imene ndikunena pano ndi FTTP, yomwe ulusi wagalasi umafika mpaka m'chipinda. Mtunda sukhalanso nkhani, ndipo kusinthako kumaonekera kwambiri potumiza mavidiyo kapena poimba foni yoonana ndi abale kumudzi.

Ndimayamba ndi kulemba postcode pa tsamba la Openreach, kampani yoyala ndi kusamalira mawaya a mafoni ndi intaneti, kuti ndione ngati fibre yafika pa adiresiyo, kenako ndimaona tsiku lothera kontrakiti yakale, chifukwa kuchokamo nthawi isanakwane kuli ndi ndalama yake. Kuyambira mu Seputembala 2024 pali One Touch Switch: mumangolembetsa ku kampani yatsopano, iwo ndiwo amauza yakale. Musadule nokha, mungataye nambala ya foni ya m'nyumba. Ngati nyumba ndi ya lendi, chilolezo cha landilodi chikhale cholembedwa, popeza khoma liboolewa.

Pomwe ndimaikapo mtima kwambiri ndi malo a ONT, kabokosi kamene kamasandutsa kuwala kukhala intaneti. Injiniya amakhoma kabokosi kotuwa panja, n'kuboola kabowo, n'kulowetsa ulusi mpaka pa ONT. Akamangirira, kusuntha pamafunika injiniya wina. Ndiye ndimasankhiratu khoma lokhala ndi masoketi awiri, ina ya ONT ina ya rauta (kabokosi kogawa Wi-Fi m'nyumba), pafupi ndi pakati pa nyumba, osati kuseri kwa TV kapena m'kabati ya mita. Rauta ikafunika kutali, waya wa Cat5e wolumikiza ONT ndi rauta umapita mamita 100 osataya liwiro. Ntchitoyi imatenga maola angapo, koma paipi yapansi yodutsamo ulusi ikapezeka yotsekeka ndi dothi, amabweranso tsiku lina.

Injiniya asanachoke ndimayang'ana nyali za pa ONT. Yolembedwa PON ikhale yobiriwira, yosathwanima. Yolembedwa LOS ikafiira ndiye kuti kuwala sikukufika, kawirikawiri ulusi wapindidwa kwambiri kapena wapanidwa ndi mpando. Kapulagi ka ulusiwo musamazule: fumbi pang'ono chabe limatchinga kuwala, ndipo musasuzumire kumapeto kwa ulusiwo.

Liwiro ndimayeza ndi waya, osati Wi-Fi. Mukalipira 500 Mbps koma mukuona 94, vuto ndi polowera waya pa kompyuta yakale, pamene pamalekezera pa 100 Mbps, kapena waya weniweniyo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi foni. Ya kopa inkalandira magetsi kuchokera ku ekisichenji, nyumba yolumikizira mafoni a m'dera, motero inkagwirabe ntchito magetsi akazima. Yatsopano imalumikizidwa pa rauta, magetsi akapita nayonso yapita. Njira yakale ya mafoni ikutsekedwa pofika Januwale 2027, choncho nkhaniyi palibe woizemba. Ngati m'nyumba muli agogo ovala kabatani koitanira thandizo, kapena alamu yodalira foni, uzani kampani musanalembetse, ndipo funsani amene anakupatsani chipangizocho ngati chimagwira pa foni ya intaneti. Ofcom, bungwe loyang'anira makampani a mafoni ndi intaneti, imalamula kuti odalira foni ya m'nyumba apatsidwe kwaulere njira yoimbira 999, nambala ya zangozi, kwa ola limodzi kapena kuposerapo magetsi akazima, ndipo nthawi zambiri imakhala batire ya ONT ndi rauta. Ipempheni tsiku lolembetsa lomwelo.