Momwe ndimasungira ndalama zolandidwa ndi apolisi mu mzinda wa ku America

Ku United States apolisi amatha kulanda ndalama kapena galimoto poganiza kuti zikukhudzana ndi mlandu, ngakhale mwiniwake asanapezeke wolakwa. Katunduyo akadutsa m'manja mwa boma lalikulu, apolisi a mzinda amapatsidwako gawo, mpaka 80 peresenti, kudzera mu Equitable Sharing, ndondomeko yochokera ku lamulo la 1984. Ntchito yanga ku ofesi ya zachuma imayambira pomwepo.

Ndisanakhudze chilichonse ndimawerenga kaye lamulo la state, chigawo cha dziko la America chomwe chimakhala ndi malamulo akeake. Ku Missouri zolandidwa motsatira lamulo lakumeneko zimapita ku sukulu. New Mexico inathetsa kulanda kotereku mu 2015. Ku California, ngati ndalama sizikwana $40,000, apolisi salandirako kanthu pokhapokha munthuyo atapezeka wolakwa.

Kenako ndimaonetsetsa kuti apolisi atumiza fomu ya DAG-71, yopemphera gawo lawo ku boma lalikulu, pasanathe masiku 45 chigamulo cholanda chitaperekedwa. Ikachedwa, gawolo likhoza kutayika.

Ndalama zikafika ndimazilemba pa nambala ya akaunti yakeyake. Zochokera ku Department of Justice (unduna wa zachilungamo) pazokha, zochokera ku Treasury (unduna wa zachuma) pazokha, ndipo chiwongoladzanja chimabwerera komweko. Kuzisakaniza ndi thumba lalikulu la mzinda ndiye vuto lomwe ofufuza mabuku sachedwa kulipeza.

Povuta penipeni ndi pa bajeti. Ndalamazi ziyenera kuwonjezera pa zomwe khonsolo inapereka kale, osati kulowa m'malo mwake. Tinene kuti apolisi alandira $50,000, ndiye khonsolo yachotsa $50,000 pa bajeti yawo poti "ali nazo kale". Pamenepo lamulo laphwanyidwa, ngakhale palibe waba. Nchifukwa chake ndimayika bajeti ya chaka chatha ndi ya chaka chino pambalipambali ndisanasaine. Makhansala ena izi siziwasangalatsa, koma palibe pothawira.

Pogula, maphunziro a apolisi, makamera ndi zipangizo zofufuzira milandu ndimavomera. Malipiro a apolisi omwe alipo kale, zandale kapena zamunthu payekha ndimabweza. Sindilolanso kulonjeza ndalama zomwe sizinalowe.

Chaka chachuma chikatha ndimakhala ndi miyezi iwiri yotumiza lipoti la ESAC ku boma lalikulu, lofotokoza momwe ndalamazi zinalowera ndi kugwiritsidwira ntchito, lovomerezedwa ndi mkulu wa apolisi komanso mtsogoleri wa mzinda. Malisiti onse ndimasunga zaka 5.