Sabata imene rugby inandipititsa ku Joni

Kuno ku Mangochi anthu amandidziwa ngati wojambula maukwati ndi zinkhoswe basi, koma chimene chimandisowetsa tulo ine ndi rugby. Kumapeto kwa August 2024 ndinapeza mwayi wokajambula gemu ya Springboks a ku South Africa ndi All Blacks a ku New Zealand pa Ellis Park ku Johannesburg. Kupita ku Joni kwa ife si nkhani, kaya ku Namwera kaya ku Makanjira khomo lililonse lili ndi m'bale kumeneko, ndiye mu basi palibe anadabwa nane. Anadabwa atamva kuti sindikukasaka ganyu koma ndikukajambula zibambo zikugwetsana pa kapinga.

Loweruka pa 31 August ndinafika pa bwalo masana gemu ili ya 5 koloko. Amakupatsa bib, kamalaya kosonyeza kuti ndiwe wojambula, amakulozera malo ako kuseri kwa mzere womwe amagoletsera try (kugoletsa poika mpira pansi pa mzerewo kapena kuseri kwake), ukhale pansi pa kampando kakang'ono osatchinga anthu. Lenzi ya 400mm ndinachita kubwereka kwa mnzanga wa komweko, ndi yolemera moti popanda monopod, ndodo yoikapo kamera, dzanja limafa gemu isanafike ndi pakati pomwe. Shutter, liwiro lomwe kamera imajambulira, sindiitsitsa pansi pa 1/1000 ya sekondi, apo ayi miyendo ya Cheslin Kolbe wa Springboks ingotuluka utsi wokhawokha, ndiye dzuwa likalowa magetsi a pa bwalo ayaka umangokweza ISO kuti chithunzi chiwale, kumapirira timadontho ta pa chithunzi. Nthawi ya haka, gule amene All Blacks amavina gemu isanayambe, chindege chachikulu chinadutsa pamwamba pa bwalo haka isanathe, phokoso lake eeh, koma ine diso linali pa nkhope za All Blacks, maso atatuzuka malilime ali panja, chifukwa chithunzi cha haka ndi nkhope osati gulu lonse.

Apa ndi pomwe ndimatsutsana ndi anzanga ojambula mpira wa miyendo omwe amati masewero ndi masewero basi bola kamera. Ayi amwene. Mu rugby mpira ukamaponyedwa ndi manja umapita cham'mbuyo kapena m'mbali, osati kutsogolo, ndiye ukamangoulondola ndi lenzi umakhala wochedwa nthawi zonse, umajambula misana ya anthu. Uyenera kudziwa komwe ukupita usanapite. Pa scrum anthu 8 mbali iyi 8 mbali inayo akukankhana mitu ili pansi, palibe chojambula pamenepo, iwe yang'ana wa nambala 9 amene wayima kumbuyo, ndi iyeyo atulutse mpira, ndipo mmene waponderamo phazi umadziwa kuti aponyera nambala 10 kapena athamanga yekha. Pa lineout, pomwe amaponya mpira kubwezera m'bwalo ukatuluka, usalimbane ndi woponya, dikira yemwe anzake amunyamule m'mwamba, chithunzi chili pa kamphindi kamene zala zake zakhudza mpira. Zimenezi sukuphunzira pa YouTube sabata imodzi, ine zinandilowa chifukwa chokhala pa TV kuyambira 2019 pomwe Siya Kolisi, kaputeni wa Springboks, ananyamula World Cup ku Yokohama atakwapula England 32-12.

Koma kukonda gemu komweko ndi vutonso. All Blacks anali patsogolo 27-17 nthawi ikutha, mtima wanga uli thi thi thi, kenako Kwagga Smith wa Springboks anagoletsa try, mnzake Grant Williams naye n'kugoletsa, gemu kutha Springboks atapambana 31-27. Bwalo lonse anthu oposa 60,000 anaimirira kukuwa, iwe wojambula sukuwa, suimirira, mpweya umachita kuugwira kuti lenzi isagwedere. Zowawa ndithu. Ndipo anthu akuvina iwe uli pa laputopu kulemba mayina a osewera pa chithunzi chilichonse n'kutumiza msangamsanga, chifukwa chithunzi cha masewero chikagona chatha mtengo.

Za ulendo wobwerera sindichulukitsa, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Mwanza, chikwama cha kamera chili pamiyendo njira yonse osalola kondakitala achiike pansi ndi katundu wa anthu.

Pakati pa sabata ndinali kunyumba kusankha zithunzi zotsala. Kutentha kwa kuno September akangoyamba mukukudziwa, laputopu imachita kulira, magetsi nawo akazima umathamangira kwa neba wa sola, bundle ikutha ngati ukumwa madzi. Zambiri zinali zotaya, referee watchinga, wina watsinzina, mpira sukuoneka, ndipo chithunzi cha rugby chopanda mpira ine sindichiwerengera pokhapokha nkhope ikhale ikuyankhula yokha.

Lachinayi ndinaonetsako anyamata a kabaza pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pa foni. Wina akuti akulu, mpira wake bwanji ukuoneka ngati papaya? Wina akuti ndiye kugwetsana chonchi samenyana? Ndinawauza kuti try ndi mapointi 5, kumenya mpira pakati pa mitengo pambuyo pa try ndi 2, penate ndi 3, mphindi 80. Chomwe sanakhulupirire n'choti chimunthu cha makilo oposa 100 chimamvera referee osamuzungulira, oyankhula naye amakhala kaputeni. Anaseka kwambiri, akuti zimenezo mukawauze a Maule ndi a Manoma.

Loweruka lotsatira pa 7 September matimu omwewa amakumananso ku Cape Town, koma ine ndinali nditalandira kale ndalama ya ukwati kunyanja ndiye panalibe zothawa. Perekaniperekani anachedwa kutha monga mwa nthawi zonse, 5 koloko inakwana a MC akuitanabe akuchikazi, ine foni ili m'thumba kumangosuzumira mwakuba. Springboks anapambana 18-12 n'kutenga Freedom Cup, chikho chomwe matimu awiriwa amalimbirana, koyamba kuchokera 2009, ndinamva ndili pakati pojambula ankhoswe akulandira keke. Mayi ake a mkwatibwi anandiona ndikumwetulira ndekha n'kundifunsa kuti bambo mwasangalala nawo ukwatiwu eti, ndinangoti kwambiri mayi. Zithunzi zawo akuzifuna Lolemba m'mawa, ndipo mnzanga wa ku Joni uja wayamba kale kutumiza mameseji pa WhatsApp kufunsa ya lenzi yake.