Moto wa mankhusu: zimene ndaphunzira pa mafilimu oyenda mofatsa

Amene anakhalako kudera kolima mpunga akuudziwa moto wa mankhusu. Ukauyatsa suona lawi, kamangotuluka kautsi kochepa. Mawa lake mwana amaponda pamwamba poganiza kuti unazima kalekale, phazi n'kupsa, chifukwa usiku wonse wakhala ukunyeka pansipansi. Mawu amenewa ndi amene ndalemba pachikuto cha kope langa la mwezi uno, popeza sindinapeze dzina lina la Chichewa loyenera mtundu wa mafilimu amene ndakhala ndikuphunzira.

Papita miyezi itatu chiyambireni kuphunzira kulemba nkhani za kanema. Si kusukulu ayi. Tilipo atatu, timakumana Loweruka madzulo, ndipo tinapangana kuti filimu iliyonse tiziionera kawiri. Ulendo woyamba timangoonera monga aliyense. Ulendo wachiwiri timakhala ndi kope ndi cholembera, n'kumalemba mphindi imene chinthu chachitika, amene walankhula, amene wakhala chete, komanso pamene mtima wayamba kugunda. Mwezi uno tinasankha mafilimu oika mtima m'mwamba koma osathamanga, aja nkhani yake imachitika zaka zakale, mfuti n'kulira mwina kamodzi kapena osalira n'komwe. Amene simunawaonere mundikhululukire, ndiulula zina.

Ine ndinakulira m'mavidiyo sho, pamabenchi a matabwa, chitseko chotchinga ndi nsalu. Kumeneko filimu yabwino inali ya nkhonya. Anthu a pakanema akangoyamba kukambirana, anyamata ankakuwa kuti "Pititsa!" ndipo mwini sho ankapititsadi. Maso anga anazolowera zimenezo, moti sabata yoyamba inandivuta. Ndinkangodikira kuti nkhani iyamba liti, pamene inali itayamba kale.

Chimene chinanditsegula mutu ndi chitsanzo chimene Alfred Hitchcock, katswiri wopanga mafilimu, anapereka pocheza ndi wopanga mafilimu mnzake François Truffaut mu 1962. Anthu awiri akucheza patebulo, kenako bomba n'kuphulika mwadzidzidzi: woonera amadzidzimuka kwa masekondi 15, basi. Koma mukamuonetsa woonerayo bombalo lili pansi pa tebulo, iye n'kudziwa nthawi imene liphulike, macheza wamba aja amasanduka mphindi 15 za nkhawa. Poyamba ndinkaona ngati phunziro lonse lathera pamenepa. Koma mafilimu a mwezi uno andionetsa kuti nthawi zina bombalo silikhala pansi pa tebulo. Limakhala mumtima mwa munthu amene wakhala patebulopo.

Tinayamba ndi The Conversation ya Francis Ford Coppola, imene inatuluka mu 1974 n'kupata mphoto yaikulu pa chionetsero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, chaka chomwecho. Gene Hackman, amene anamwalira mu February 2025, akusewera ngati Harry Caul, katswiri wojambula mawu a anthu mobisa mumzinda wa San Francisco. Ntchito imene wapatsidwa ikuoneka yaing'ono: ajambule zimene akukambirana mwamuna ndi mkazi amene akuzungulirazungulira pabwalo la Union Square masana, pakati pa chikhamu cha anthu ndi oimba. Filimu yonse yagona pa tepi imeneyo. Harry amaibweza, kuimvetsera, kuchotsa phokoso la ng'oma, kuibwezanso. Pali chiganizo chimodzi chimene akachimva amakhulupirira kuti awiriwo aphedwa. Kumapeto timachimvanso chiganizo chomwecho, mawu ake omwewo, koma liwu limodzi lanenedwa mwamphamvu, tanthauzo n'kutembenuka. Amene tinkawamvera chisoni ndiwo anali kukonza chiwembu.

Ife a Chichewa zimenezi sizitidabwitsa. Mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga pamsika timalemba chimodzimodzi, khutu ndi limene limasiyanitsa. Khungu la thupi ndi khungu la wosaona n'chimodzimodzinso. Koma funso limene linandigwira ulendo wachiwiri linali lina: katswiri ngati ameneyu anamva bwanji molakwika? Ndinabwerera m'kope n'kuona zimene ndinalemba m'mphindi zija "sipachitika kanthu". Chitseko chake chili ndi maloko atatu. Amauza anthu kuti alibe foni, pamene ali nayo m'dirowa. Amaimba lipenga lake yekhayekha motsatira nyimbo ya pambale. Ndi Mkatolika wolimbikira, amapita kukalapa kwa wansembe. Ndipo tikumva kuti ntchito ina imene anagwira kale inaphetsa anthu atatu. Munthu wonyamula mlandu wotere mumtima, akamva mawu okayikitsa, amamva chimene akuopa. Khutu lake linali bwinobwino, chikumbumtima ndi chimene chinamvera m'malo mwake. Mukanachotsa mphindi zofatsa zija, mapeto akanakhala nthabwala chabe ya wolemba. Chifukwa zilipo, pamene Harry akusasula nyumba yake yomwe, kuzula matabwa a pansi, kuswa ngakhale kachifanizo ka Maria pofunafuna kachipangizo komumvetsera, umamva ngati akukung'amba iweyo.

Filimu yachiwiri sindinaionere ndi anzanga okha. Amalume anabwera kudzagona kwathu pa ulendo wawo wa kuchipatala, ndipo anapeza ndikuonera The Lives of Others, ya ku Germany, ya 2006. Anakhala pampando kuti angopumula pang'ono, koma sanadzuke mpaka inatha, maola awiri ndi mphindi zingapo.

Nkhani yake ikuyamba mu 1984 ku East Berlin. Gerd Wiesler, kapitawo wa apolisi achinsinsi a Stasi, wapatsidwa ntchito yomvetsera zonse zochitika m'nyumba ya wolemba masewero wina ndi chibwenzi chake. Amakhala m'kachipinda ka kudenga, zomvera m'makutu, makina otayipira patsogolo, tsiku ndi tsiku. Ulrich Mühe, amene anasewera mbali imeneyi ndipo anamwalira mu 2007, chaka chimene filimuyi inapata mphoto ya Oscar, sagwedeza nkhope. Ndinayesa kulemba mphindi yeniyeni imene Wiesler wasintha mtima, ndinalephera, chifukwa palibe mphindi imodzi yotero. Amaba kabuku ka ndakatulo m'nyumbamo n'kukawerenga atagona chagada. Amamva piyano ikuimbidwa pambuyo pa uthenga wa maliro. Kenako m'chikepe amakumana ndi kamnyamata konyamula mpira, kamene kamabwereza zoipa zimene bambo ake amanena za a Stasi. Wiesler amayamba kufunsa dzina, monga mwa ntchito yake, koma pakati pa funso amaima n'kufunsa dzina la mpirawo. Kamphindi kochepa, popanda nyimbo yaikulu, popanda misozi. Pamenepo amalume anapuma mwamphamvu.

Itatha anati, "Mphwanga, iwe unabadwa zinthu zitasintha. Ife tinkati tikafuna kumvera wailesi ya kunja, tinkaitsitsa mpaka kuiika pakhutu, zenera titatseka. Mlendo akalowa m'basi, nkhani inkasanduka ya mvula."

Ndinafunsa kuti, "Nanga amalume, munthu ngati uyu, wotumidwa kumvetsera koma n'kusankha kubisa, analipo?"

Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Amene anakubisa sudzamudziwa. Umangodziwa amene anakunenera."

Mawu amenewa ndawalemba pa tsamba lakelake. Ku Germany komweko ena amene anazunzika m'manja mwa a Stasi anaidandaula filimuyi, ati ikuyeretsa anthu amene sanachite chifundo chotere, ndipo dandaulo limenelo ndikulimva. Kuno kwathu sitisowa chitsanzo cha wolemba amene mawu ake anamuika m'mavuto: Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Choncho amene amati mafilimuwa amakoma chifukwa amatikumbutsa masiku akale, ndimagwirizana nawo theka lokha. Amalume sankasirira masiku amenewo. Chimene chinawagwira ndi kuona mantha amene ankawadziwa atajambulidwa molondola, mpaka kakhalidwe ka munthu pampando.

Pano ndi pamene ndinapeza phunziro limene ndikuliona lalikulu mwezi uno, ndipo ndi la ntchito yeniyeni ya kulemba. Ndinkaganiza kuti opanga ena a mafilimuwa amabwerera m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 chifukwa chokonda magalimoto akale, majekete otuwa, ndi utsi wa fodya m'maofesi. Zimenezo zilipo ndithu, ndipo zimakoma m'maso. Koma taonani zipangizo zake. Tepi imafuna kuibweza. Foni ili pakhoma, ndipo ikalira iwe kulibe, uthenga wakudutsa. Faelo ili m'chipinda china, mpaka wina akaitenge. Makina otayipira ali ndi zilembo zawozawo zimene katswiri angazizindikire, n'chifukwa chake mufilimu ya ku Berlin ija makina ang'onoang'ono a riboni yofiira akubisidwa pansi pa thabwa la pakhomo, ndipo nkhani yonse ikudzazungulira pa thabwa limenelo. Chipangizo chilichonse chakale chimachedwetsa uthenga. Ndipo pakati pa kufunsa ndi kuyankhidwa, munthu amakhala yekha ndi maganizo ake. M'mpata umenewo ndi mmene amasankha kuti akhala munthu wotani. Mupatseni Harry Caul foni ya masiku ano, nkhani yatha m'mphindi khumi, ndipo sitimudziwa n'komwe.

Memories of Murder ya Bong Joon-ho, ya 2003, inatsimikiza zimenezi. Yachokera pa nkhani yoona ya amayi amene anaphedwa kudera la Hwaseong ku South Korea pakati pa 1986 ndi 1991. Apolisi a mufilimuyi alibe makina opimira DNA, ndiye akutumiza zoyeza ku America n'kumadikira. Kudikirako kukuwadya. Wapolisi wa kumudzi amene ankadzitama kuti amadziwa wolakwa pongomuyang'ana m'maso akuyamba kudzikayikira, pamene mnzake wochokera ku Seoul, wokhulupirira mapepala ndi umboni, akufika pofuna kuwombera munthu popanda umboniwo. Asinthana malo pang'onopang'ono, osazindikira. Filimu imatha wakupha asanapezeke, Song Kang-ho, amene akusewera ngati wapolisi wa kumudzi uja, atayang'ana molunjika mu kamera, ngati akufunafuna nkhope pakati pa ife oonera. Pamene inkatuluka, mlanduwo unali usanathe ndithu. Wakuphayo anadzadziwika mu 2019, kudzera mu DNA yomweyo, ali kale m'ndende pa mlandu wina.

Ndisaname, si filimu iliyonse yochedwa imene ili ndi moto pansi. Ina mwa imene tinaonera, sindiitchula, inali phulusa lokhalokha: munthu akuyang'ana pazenera, akuyenda mumsewu, akuyang'ananso pazenera. Mnzathu wina anatipatsa muyeso wabwino. Gawo lililonse likatha, dzifunse ngati pali chimene ukudziwa tsopano chimene sunkachidziwa, kapena chimene ukuopa tsopano chimene sunkachiopa. Ngati yankho ndi ayi kawiri motsatizana, wolembayo wagona. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhonoyo ikhalepo.

Chinanso chimene ndazindikira n'chakuti khutu la kudekha tinali nalo kale, tinangolitaya. Agogo akati "Padangotero", ife n'kuvomera "Tili tonse", sankathamangira kumapeto. Nyimbo ya m'nthano inkabwerezedwa katatu kapena kanayi, ndipo ulendo uliwonse fisi amakhala atayandikirako pang'ono. Mawu a nyimbo sankasintha, chimene chinkasintha ndi zimene ife tikudziwa. Tepi ya Harry Caul ikugwira ntchito yomweyo.

Tsopano ndabwerera ku nkhani yanga, imene ndakhala ndikulemba kuyambira mwezi woyamba. Ndi ya kalaliki wa papositi ofesi ya paboma lina, chaka cha 1992, miyezi ingapo pambuyo pa kalata ya mabishopu a Katolika ija inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March, referendamu ya 1993 isanafike. Poyamba ndinaitsegula ndi galimoto ikuthamangitsa munthu usiku. Masamba asanu ndi limodzi amenewo ndawachotsa. Mmalo mwake kalalikiyo akusankha makalata m'mawa monga amachitira masiku onse, n'kupeza envulopu imene yatsegulidwa ndi kumatidwanso, ndipo dzina lolembedwapo ndi la mlamu wake. Sanena kanthu. Akuiika m'bokosi lake, akuitulutsanso, akupita kukamwa tiyi, akubwerera. Anzanga atawerenga Loweruka lapitali, mmodzi anati gawolo ndi lalitali, ndichotseko tiyiyo. Winayo anati tiyiyo ndiye nkhani, chifukwa m'pamene tikuona dzanja likunjenjemera pa kapu.

Sindinagamule. Ndawatumizira amalume masambawo pa WhatsApp kuti andiuze ngati kalaliki wa nthawi imeneyo akanayerekeza n'komwe kuitulutsanso envulopuyo m'bokosi, mnzake wa patebulo loyandikana ali pomwepo. Ayankha dzulo usiku kuti ndiwaimbire Lamlungu akaweruka kutchalitchi, nkhani yake si yolemba pafoni.