Kalendala ya pa Mars: mwezi wopanda mwezi

Ndatha masabata angapo ndikulemba ndi kufufuta, kuyesa kupanga kalendala imene anthu okakhala pa pulaneti ya Mars angadzagwiritse ntchito, ndipo pamene ndakakamira kwambiri ndi pa mawu akuti mwezi.

Tsiku lakumeneko, limene asayansi amalitcha sol, limaposa lathu ndi mphindi 39 ndi masekondi 35 basi. Akatswiri a NASA, bungwe la ku America lofufuza zamlengalenga, amatalikitsa sekondi, mphindi ndi ola ndi pafupifupi 2.7 peresenti kuti wotchi izikwanabe maola 24. Galimoto yofufuzira ya Curiosity itatera mu Ogasiti 2012, oiyendetsa anakhala pafupifupi miyezi itatu akutsata nthawi ya pa Mars, kotero kuti ntchito inkayamba mochedwerapo ndi mphindi 40 tsiku lililonse, ndipo pakatha masiku 18 usana wawo unkagwera usiku. Kwa ine sekondi ndi yosayenera kuigwira, chifukwa ndiyo tsinde la miyezo ya liwiro ndi mphamvu. Kuli bwino mphindi zotsalazo zingoikidwa kumapeto kwa tsiku, anthu awonjezere tulo.

Chaka chili ndi masol 668.6, omwe ndi masiku athu 687, ndipo nthawi yaitali chonchi siingawerengeke bwino popanda kuigawa. Kwathu kuno mwezi wa pa kalendala unabadwa kuchokera ku mwezi wakumwamba, n'chifukwa chake dzina lake ndi limodzi, koma miyezi iwiri yakumwamba ya Mars, Phobos ndi Deimos, siithandiza konse. Phobos imazungulira pulanetiyi m'maola 7 ndi mphindi 39, mothamanga moti imatulukira kumadzulo n'kukalowa kum'mawa, pomwe Deimos imatenga maola 30 okha. Palibe angalandire malipiro kapena kulipira lendi potsata miyezi yotere.

Mu 1985 Thomas Gangale anakonza kalendala yotchedwa Darian, ya miyezi 24 ya masol 27 kapena 28. Ndi yaudongo ndithu, ndipo owerengera ndalama angaikonde, koma imabisa chinthu chimene munthu wokhala kumeneko sangachinyalanyaze. Njira imene Mars imayenda pozungulira dzuwa ndi yobulungira ngati dzira, motero nyengo zake sizilingana: kumpoto nyengo ina imatenga masol 194, inzake 142 yokha. Pulanetiyi ikayandikira dzuwa ndi pamene mphepo zafumbi zimakula, nthawi zina mpaka kuikuta yonse. Fumbi lotere ndi limene linaphimba dzuwa mu Juni 2018, galimoto ya Opportunity, yomwe inkadalira magetsi a dzuwa, n'kusiya kuyankha mpaka lero.

Pa chifukwa chimenechi ndasankha kugawa njirayo m'zigawo 12 za madigiri 30 chilichonse, pa madigiri 360 a ulendo wonse wozungulira dzuwa, monga amachitira ofufuza za nyengo ya kumeneko. Mwezi waufupi umakhala wa masol 46, wautali wa masol 67. Pa pepala langa mabokosi ake ndi osalingana, osaoneka bwino, koma woyang'anira magetsi akangoona dzina la mwezi adzadziwa ngati fumbi layandikira.

Pa nkhani ya poyambira sindinavutike, ndangotsata asayansi amene amawerengera Chaka 1 kuyambira pa 11 Epulo 1955. Mayina a miyezi ndiwo ndawasiya dala; m'mabokosimo ndangolembamo manambala ndi pensulo.