Lipoti la ulendo wa ku Webuye: zimene tinaphunzira pa mtsinje wa Nzoia

Gulu lathu la oyang'anira mitsinje linapita ku Webuye, m'chigawo cha Bungoma kumadzulo kwa Kenya, kukamva momwe anthu a m'mbali mwa Nzoia anakanira kuti madzi oipa a fakitale ya mapepala azitayidwa mumtsinje wawo. Tauniyi ili pamsewu wochokera ku Eldoret kupita ku Malaba. Nzoia amakathira m'nyanja ya Victoria, ndiye chogwera m'menemo chimakapeza ndi asodzi akutali omwe.

Fakitale ya Pan African Paper Mills inayamba ntchito mu 1974. Eni ake anali boma la Kenya, kampani ya ku India ya Orient Paper ndi bungwe la IFC, nthambi ya World Bank yoika ndalama m'makampani. Kwa zaka zambiri anthu ankadandaula za fungo ngati la mazira owola, malata odyeka msanga ndi dzimbiri, komanso madzi akuda a thovu olowa mumtsinje. Mu 2008 mabungwe awiri a konko anakatula dandaulo ku ofesi ya CAO, yomwe imamva milandu yokhudza ntchito zimene IFC yaikamo ndalama.

Otilandira anayamba ndi kutifotokozera kumene uvewo umachokera, ndipo anachita bwino, pakuti wosadziwa izi amagonja pamsonkhano woyamba. Mitengo imaduladulidwa n'kuphikidwa ndi soda wa kositiki ndi mankhwala a salifa pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 170. Chotsala ndi madzi akuda bii otchedwa black liquor, amene amayenera kuwotchedwa kuti mankhwala abwezedwe. Akatayikira m'ngalande, pH, womwe ndi muyeso wa asidi kapena soda m'madzi, imakwera kwambiri. Kuyeretsa phala la mapepala ndi kolorini kumawonjezera poizoni wina wosawola msanga, amene amaunjikana m'mafuta a nsomba.

Madzi ena oipa a m'fakitale amayamba adikha m'thanki kuti ulusi wa mitengo utsike pansi, kenako amalowa m'maiwe momwe makina amawavundula kuti mulowe mpweya, mabakiteriya adye zonyansa. Apa ndi pamene zinthu zimalakwika. Magetsi akazima, makina ovundula amaima, mabakiteriya n'kufa, ndipo kuti achulukanenso pamapita masiku. Matope akadzaza dziwe osakumbidwa, madzi oyenera kukhalamo sabata amangodutsa. Zonyansa zosadyedwazo zimakamaliza okosijeni mumtsinje. Okosijeni akatsika kuchepera mamiligalamu 2 pa lita, nsomba zambiri zimafa, makamaka m'bandakucha komanso m'chilimwe, madzi osungunula uvewo atachepa.

Phunziro lalikulu linali la umboni. Fungo limakwiyitsa mudzi wonse, koma silikwana pamaso pa akuluakulu oona za malamulo. Malamulo a Kenya a 2006 ankati madzi otayidwa mumtsinje asapitirire mamiligalamu 30 pa lita pa muyeso wa BOD (okosijeni amene mabakiteriya amamaliza podya zonyansa), 50 pa COD (okosijeni wofunika kuti mankhwala aphwanye zonyansazo), 30 pa tinthu toyandama, ndipo pH ikhale pakati pa 6.5 ndi 8.5. Nkhani imayambira pa manambala amenewa.

Pagombe tinaphunzitsidwa katungidwe. Tungani malo atatu tsiku limodzi: kumtunda kwa paipi, pomwe paipi ikuthira, ndi kumunsi komwe madzi asakanikirana. Mukasiya kumtunda, a fakitale adzati uve wachokera kuminda kapena ku zimbudzi za m'tauni, ndipo mudzasowa choyankha. Botolo likhale loyera, mulitsuke katatu ndi madzi a pamalopo, mutunge pansi pang'ono pa nkhope ya madzi molozetsa kukamwa kwa botolo komwe madzi akuchokera, mulidzaze mpaka pakhosi osasiya mpweya. Lembani malo, tsiku ndi ola. Liikeni m'bokosi la ayezi ndipo lifike ku labotale maola 24 asanathe, chifukwa likatentha mabakiteriya amadya zonyansa m'njira, zotsatira n'kuoneka zabwino kuposa zenizeni. Muyeso wa BOD umatenga masiku asanu pa madigiri 20, musakakamize a labotale kufulumira. Kutentha kwa madzi, pH ndi okosijeni ziyezedwe pagombe pomwepo. Pakhale mfumu kapena mlangizi wa boma wosainira, ndipo labotale ikhale yovomerezeka. Kutunga kamodzi masana sikukwanira. Bwerezani usiku, mvula itagwa, ndi m'chilimwe.

Fakitale ija inatsekedwa mu 2009 chifukwa cha ngongole, ndipo Rai Group inaigula mu 2016. Kutsekedwako sikunali chisangalalo: anthu ambiri anachotsedwa ntchito, malonda m'tauni n'kuzilala. N'chifukwa chake ife tikuona kuti chofunika kumenyera si kutseka chipata, koma zinthu zoyezeka: jenereta yapadera ya makina ovundula, dziwe losungira madzi pakachitika ngozi, kukumba matope pa nthawi yake, ndi kupachika zotsatira za labotale poyera mwezi uliwonse.

Kwathu nkhalango ya Chikangawa inadzalidwa poyembekezera fakitale ya phala la mapepala ku Chintheche, yomwe sinamangidwe. Koma mafakitale ena othira m'mitsinje alipo. Tagwirizana zoti komiti iliyonse ikapemphe ku National Water Resources Authority kuona zilolezo zotayira madzi m'dera lake, ndi kuti kutunga koyamba kuchitike mu Okutobala, mitsinje itaphwa.