Zikomo amalume, zida zija zapambana mayeso

Ndafika kuno ku Mzuzu usiku wapitawu, ndipo ngakhale thupi likufuna tulo, mtima wakana kuti ndigone ndisanathokoze. Zida zonse 6 zoyezera radiyeshoni, zimene zandisowetsa mtendere kuyambira mu Epulo, zapambana mayeso ku Lilongwe, ndipo tsopano zikhoza kuperekedwa kwa anzathu amene amayang'ana katundu m'zipata za dziko. Ambiri a inu mukudziwa mmene miyezi itatuyi yandiyendera, choncho sindibwereza zonse. Ndiyambe ndi Mulungu, amene anandisunga pamene ndinkagona maola awiri kapena atatu pa usiku, nandibweza wamoyo pamsewu wa Chikangawa muli chifunga chokhachokha. Ambuye, ulemerero ukhale kwa Inu.

Pambuyo pa Mulungu ndikuthokoza amalume anga. Amalume, ndikudziwa kuti simukonda kutchulidwa pagulu, koma lero mundikhululukire.

Kuti anthu amvetse zimene munachita, ndifotokoze pang'ono za zidazi. M'kati mwa chilichonse muli mwala wa sodium iodide, umene umathwanima pang'ono kwambiri cheza cha gamma (mtundu wina wa radiyeshoni) chikaugunda, ndipo kumbuyo kwake kuli chubu chotchedwa photomultiplier, chimene chimasandutsa kuwalako kukhala magetsi oti makina awerenge. Chinthu chilichonse chotulutsa cheza cha gamma chili ndi nambala yakeyake, yosonyeza mphamvu ya chezacho m'muyezo wotchedwa keV. Caesium-137 imaonekera pa 662 keV, pamene cobalt-60 imaonekera pawiri, pa 1173 ndi pa 1332. Chida chikayamba kusuntha manambalawa, chimatchula dzina lolakwika, ndipo munthu amene waima pafupi ndi thiraki kuchipata akhoza kutsekereza katundu wosalakwa kapena kulola chinthu choopsa kudutsa. Ziwiri mwa zida zangazo zinkachita zimenezi. Ndinasintha mabatire, ndinabwereza pulogalamu ya m'kati, ndinasanthula mabuku ake mpaka maso kuwawa, koma manambala ankangotsetserekabe. Amene anatigulitsa anandiyankha patatha milungu itatu, ndipo yankho lawo linali lakuti ndizitumize kunja, chinthu chimene chikanatenga miyezi komanso ndalama zimene panalibe. Mantha anga aakulu anali akuti mwala uja walowa madzi, pakuti sodium iodide imayamwa chinyontho, ndipo ikatero imasanduka yachikasu n'kutha ntchito.

Amalume akhala akukonza mawailesi ndi ma TV pafupi ndi msika kwa zaka zoposa 30, ndipo sanalowepo m'kalasi ya kuyunivesite. Atamva kwa mayi kuti ndayamba kuwonda, anatseka kashopu kawo Lachitatu masana, nthawi imene makasitomala amachuluka, n'kubwera kunyumba ndi kachikwama kawo kazipangizo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandifunsa funso limodzi lokha: "Mphwanga, chimavuta nthawi yanji?" Nditati m'mawa, anayang'ana pawindo, pomwe mvula yowaza ya kwathu kuno inali isanasiye, ndipo anati titsegule kumunsi kwa chubu. Anatenga kagalasi kawo kokulitsira zinthu, kamene chogwirira chake n'chomangidwa ndi tepi yakuda, nandionetsa kanthu kobiriwira ngati ndere pakati pa miyendo ya maresisita amene amagawa magetsi kuchubucho. Pamalo amenewo pamadutsa mavolti mazanamazana, ndiye chinyontho chikakhala pamenepo, magetsi ena ankathawira m'mbali, ndipo manambala onse ankatsika. Ine ndinali nditayang'ana malo omwewo kangapo osaona kanthu.

Munatsuka ndi sipiriti, amalume, munawotchereranso mwendo uliwonse ndi manja osanjenjemera, ndipo munaumitsa mabolodiwo m'katoni momwe munapachikamo babu, monga mmene alimi amafunditsira anapiye. Simunandinyoze ngakhale kamodzi kuti sukulu yonse ija yapita kuti.

Vuto lotsatira linali kuyesa. Malamulo salola munthu kusunga caesium kunyumba, ndipo n'zoyenera kutero. Dziko lathu lili ndi lamulo la mphamvu ya atomu la mu 2011, ndipo bungwe la AERA ndi limene limapereka chilolezo kwa aliyense wogwira zinthu zotere. Ndiye tinagwiritsa ntchito feteleza wa potashi, chifukwa muli potassium-40 wachilengedwe amene amaonekera pa 1461 keV. Feteleza yemweyu, pamodzi ndi matayilosi a pansi ndi miyala ina, ndi amene amaliza makina kawirikawiri m'zipata za mayiko, ndipo n'chifukwa chake chida chimafunika kudziwa kusiyanitsa. Amalume ndi amene anakagula thumbalo ndi ndalama zawo, nalikweza pa kabaza mpaka pakhomo. Kwa masiku 9 ankafika 4 koloko m'mawa, kuzizira kwa mu Juni kukulowa m'mafupa, atavala chijasi chawo chakale, n'kumalemba nambala ya pasikirini m'kope la sukulu ola lililonse. Magetsi akathima, ankalumikiza batire la galimoto limene anabwereka kwa mnzawo. Tsiku lachisanu ndi chinayi anatseka kopelo nati, "Sichikusunthanso." Ndinatuluka panja kuti asaone misozi.

Ku Lilongwe, oyesa ataika caesium yeniyeni patsogolo pa chida choyamba mwa ziwiri zija, nambala inakhala pamalo pake ndipo dzina linatuluka lolondola. Chachiwiri chinachitanso chimodzimodzi. Mmodzi wa iwo anandifunsa kuti ndinazikonzetsa kuti, ndipo ndinamuuza zoona, kuti anakonza ndi amalume anga okonza mawailesi ku Mzuzu.

Pali ena amene anandifunsa chifukwa chimene ndikudzivutitsira ndi ntchito imene ena amati ndi ya mayiko olemera. Mu 1987, mumzinda wa Goiânia ku Brazil, anthu otola zitsulo anachotsa makina akale ochizira khansa m'chipatala chosiyidwa, ndipo caesium-137 ya m'katimo inafalikira m'makomo chifukwa inkawala mokongola usiku. Anthu 4 anamwalira, mmodzi mwa iwo kamtsikana ka zaka 6, ndipo anthu oposa 100,000 anachita kupimidwa. Ndikaona mathiraki a zitsulo zakale akudutsa mumsewu wa M1, nkhani imeneyi imandibwerera. Radiyeshoni ilibe fungo ndiponso sioneka, ndipo caesium imatenga zaka pafupifupi 30 kuti mphamvu yake itsike ndi theka. Dziko lathu linalowa m'bungwe la IAEA, loona za mphamvu ya atomu padziko lonse, mu 2006, mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009, ndipo IAEA yakhala ikusunga kaundula wa zinthu zotere zobedwa, zotayika ndi zozembetsedwa kuyambira mu 1995. Chitetezo chimenechi chimadalira kuti chida chimene chili m'manja mwa munthu wa pachipata chinene zoona.

Kwa aja amene munaletsa ana anu kubwera kwathu poti ndikusunga chiphe, ndi aja amene munkabisa dzanja tikakumana potuluka m'tchalitchi, ndikuuzeni kuti zida zimenezi zimangomva, sizitulutsa kanthu, ndipo mukanandifunsa ndikanakuonetsani. Zinawawa kwambiri akazi anga, amene ankayankha mafunso kumpopi m'malo mwanga. Aja amene foni yanga munkaiona ikulira pamene ndinkasowa ya thiransipoti, mauthenga anu a m'mawa uno ndawalandira, ndipo ndilibe nanu chifukwa.

Akazi anga, zikomo chifukwa chopereka tebulo lodyera kuti likhale malo ogwirira ntchito kwa miyezi itatu, komanso chifukwa cha tiyi amene ankafika amalume asanakhale n'komwe pansi. Mayi, mapemphero anu anamveka. Anzanga awiri a kuntchito amene munandithandiza kulemba malipoti usiku womaliza, Mulungu akudalitseni.

Amalume, makasitomala amene munataya masiku onse aja sindingathe kuwabweza, ndipo ndalama ya feteleza munaikana kawiri konse. Loweruka ndibwera kushopu ndi batire lija kuti tikalibweze kwa mwini wake, ndipo kope lanu ndikupempha kuti mundisiyire.